Zoyenera kuchita mfuti ikalira m'chipatala chimene mumagwiramo ntchito

Namwino amene anaphunzira ntchito yake ku Malawi, akapeza mwayi wokagwira m'chipatala cha ku America, sabata yoyamba amakumana ndi phunziro limene ku sukulu ya unamwino sanalimvepo, loti achite chiyani munthu wonyamula mfuti akalowa m'chipatala n'kuyamba kuwombera anthu. Ambiri a ife timangoonera kanema wake pa kompyuta, kuyankha mafunso angapo ndi kusaina, maganizo ali pa zimene tikuziona kuti ndiyo ntchito yeniyeni, monga kuzolowera makina a dripi ndi kalembedwe ka malipoti a odwala. Malangizo awa ndawalembera anamwino, madokotala, osamalira odwala, okonza m'mawodi ndi olandira anthu pakhomo la chipatala, makamaka amene ali ku America kumene vutoli ndi lalikulu, ngakhale kuti a ku South Africa ndi ku Britain apezamonso zowakhudza.

Nkhaniyi sitingaisiye m'manja mwa alonda ndi apolisi okha chifukwa cha kuchepa kwa nthawi. Bungwe la boma la America lofufuza milandu, lotchedwa FBI, litafufuza zochitika 160 za anthu owombera anzawo m'malo osiyanasiyana pakati pa 2000 ndi 2013, linapeza kuti pa zochitika zimene kutalika kwake kunadziwika, pafupifupi zisanu ndi ziwiri mwa khumi zilizonse zinatha m'mphindi zisanu kapena zosakwana pamenepo, ndipo zoposa theka la zonsezo zinatha apolisi asanafike. M'mphindi zimenezo mumakhala muli inu ndi odwala anu basi, ndipo munthu amene mantha amugwira saganiza chatsopano, amangochita chimene anachikonzekera kale.

Yambani ndi kudziwa kumene ngozi imachokera

Tikamva za kuwombera anthu ku America timaganiza za mlendo amene walowa n'kumawombera aliyense wokumana naye, koma m'zipatala nthawi zambiri sizikhala choncho. Ofufuza a ku Johns Hopkins University, m'lipoti limene linatuluka mu 2012, anasanthula zochitika 154 za kuwombera m'zipatala za ku America kuyambira 2000 mpaka 2011, ndipo anapeza kuti owombera ambiri anabwera akudziwa kale amene akumufuna: ena anali ndi chakukhosi, ena anafuna kudzipha, ena anafuna kupha mbale wawo amene wakhala akudwala, ndipo ena anali akaidi ofuna kuthawa.

Zimene zachitika pambuyo pake zikutsimikiza zomwezo. Mu Januwale 2015 ku Brigham and Women's Hospital mumzinda wa Boston, bambo wina anafika n'kupempha kuti aonane ndi dokotala wa mtima amene anathandizapo mayi ake asanamwalire, ndipo atamuona anamuwombera. Mu Juni 2017 ku Bronx-Lebanon Hospital ku New York, wowombera anali dokotala amene kale ankagwira ntchito pomwepo. Analowa atavala chijasi choyera cha madokotala, mfuti itabisidwa mkati mwake, ndipo anapha dokotala mmodzi ndi kuvulaza ena asanu ndi mmodzi. Pa 1 Juni 2022 ku Tulsa, wodwala amene anachitidwa opaleshoni ya msana n'kumadandaula kuti ululu sukutha anapha anthu anayi m'nyumba ina ya Saint Francis Hospital, kuphatikizapo dokotala amene anamuchita opaleshoniyo, pogwiritsa ntchito mfuti imene anaigula tsiku lomwelo.

Choncho chinthu choyamba kuchita, mfuti isanaoneke n'komwe, ndi kunena zimene mwamva. Wodwala kapena gadiyani akanena mawu oopseza, akamafunsa nthawi imene dokotala wakutiwakuti amaweruka, akamaimba foni mobwerezabwereza ndi ukali womwe ukukulirakulira, kapena akakuuzani kuti galimoto yanu akuidziwa, lembani mawu akewo monga wawanenera, tsiku ndi nthawi, kenaka uzani namwino wamkulu wa pa shifiti ndi ofesi ya alonda tsiku lomwelo. Kuyambira Januwale 2022 bungwe la Joint Commission, limene limayendera ndi kuvomereza zipatala zambiri za ku America, limafuna kuti chipatala chikhale ndi njira yolandirira ndi kutsatira malipoti otere, moti simukuvutitsa munthu aliyense mukalemba. Pano ndi pamene ife ochokera kwathu timaterera kwambiri. Tinaphunzitsidwa kupirira, timati gadiyani wakwiya chifukwa cha chisoni ndipo mawa mtima ukhala pansi, komanso monga alendo sitifuna kutchuka ndi madandaulo. Kumvera munthu chisoni n'kwabwino, koma sikuletsa kulemba lipoti, ndipo lipoti lanulo likhoza kukhala lachitatu pa munthu yemweyo, awiri enawo atalembedwa ndi anzanu a m'wodi ina amene inu simukuwadziwa.

Pali mbali ina yovuta kuikamba. Mu Novembala 2018 ku Mercy Hospital mumzinda wa Chicago, dokotala wachizimayi anawomberedwa pamalo oimikapo magalimoto ndi mwamuna amene anathetsa naye chitomero, ndipo mwamunayo atalowa m'chipatala, panafanso wophunzira ntchito ya zamankhwala ndi wapolisi. Mu Febuluwale 2022 ku Tembisa Hospital ku South Africa, namwino anawomberedwanso pamalo oimikapo magalimoto ndi mwamuna amene anali naye paubwenzi, yemwe anali wapolisi. Kwathu timati za m'banja zimathera kwa ankhoswe, koma munthu amene wakuopsezani kuti akuphani amadziwa kumene mumagwira ntchito ndi nthawi imene mumatuluka. Uzani mkulu wa alonda mwachinsinsi, muwapatse chithunzi cha munthuyo ndi nambala ya galimoto yake, muwaonetse chikalata cha khoti chomuletsa kukuyandikirani ngati muli nacho, ndipo mupemphe kuti mlonda azikuperekezani ku galimoto, makamaka mukaweruka usiku.

Kumbukiraninso kuti mfuti ina imalowa m'chipatala mwalamulo. Lipoti la 2012 lija linapeza kuti pa kuwombera kumene kunachitika m'dipatimenti ya ngozi zadzidzidzi, pafupifupi kamodzi pa kanayi kalikonse mfutiyo inali yolandidwa kwa mlonda kapena wapolisi, ndipo zoterezi zinachitikanso ku New Somerset Hospital ku Cape Town mu Meyi 2022, pamene wapolisi ndi odwala awiri anaphedwa ndi mfuti ya wapolisiyo. Mukamathandiza mkaidi kapena wodwala wosokonezeka mutu, musapemphe wapolisi kuti aweramire pabedi kukugwirirani wodwalayo mfuti ili m'chiuno, ndipo maunyolo asamasulidwe musanagwirizane kuti aliyense aima pati.

Yendani m'wodi mwanu ndi maso atsopano

Sankhani tsiku limene ntchito yachepa, muyende m'wodi monse mukudzifunsa kuti mungatulukire pati ndipo mungabisale pati. Pezani njira ziwiri zotulukira zimene si chikepe, mutsike masitepe ake mpaka pansi kuti mudziwe kumene amakathera, chifukwa ena amakatulukira panja pamene ena amakakusiyani pakati pa chipatala. Kenaka gwirani chitseko chilichonse ndi dzanja lanu, muone ngati chili ndi loko wa mkati ndiponso ngati chimatsegukira mkati kapena kunja.

Ine zimenezi ndinaziphunzira mochititsa manyazi. Tsiku lina tikuyeserera m'chipatala chimene ndinkagwiramo ntchito, tinathamangira anthu asanu m'kachipinda kosungiramo nsalu za pabedi, kamene tonse tinkakatenga ngati pobisalira pabwino. Titalowa tinapeza kuti chitseko chake chimatsegukira kunja ndipo chilibe loko wa mkati, moti ngolo za nsalu zimene tinakankhirapo sizinathandize kanthu. Woyeserera uja anangokoka chitseko n'kutipeza tili duu, foni ya mnzathu mmodzi ikunjenjemera m'thumba mwake. Chipinda chosungiramo mankhwala, chimene chimatsegulidwa ndi baji ndipo chimadzikhoma chokha, chinali pafupi pomwepo, koma palibe amene anachiganizira.

Siyanitsani chinthu chimene chimangokubisani ndi chimene chingaimitse chipolopolo. Makoma ambiri a mkati mwa zipatala za ku America ndi a mabolodi opyapyala, si a njerwa monga tinazolowera kwathu, ndipo chipolopolo chimawabowola mosavuta. Katani, chitseko cha matabwa ndi desiki zimakubisani chabe. Zipilala za konkire ndi makoma ozungulira masitepe ndizo zolimba.

Funsaninso mawu amene chipatala chanu chimalengeza zikavuta. Zipatala zambiri zimati Code Silver, koma si zonse, ndipo zina zinasiya mawu obisikawa n'kumalengeza poyera kuti kuli munthu wa mfuti pamalo akutiakuti. Anamwino amene amatumizidwa ndi makampani kuzipatala zosiyanasiyana ayenera kufunsa zimenezi tsiku loyamba pamalo aliwonse atsopano. Lowezani nambala ya alonda, dzina la nyumba imene mumagwiramo ndi nsanjika yake, popeza chipatala chachikulu chimakhala ndi nyumba zambiri, ndipo kungouza apolisi dzina la chipatala n'kuwatayitsa nthawi.

Mfuti ikalira, khulupirirani makutu anu ndipo thawani

Mkati mwa nyumba mfuti simveka ngati m'kanema. Imatha kumveka ngati thireyi yagwa, chitseko chamenyetseka kapena amisiri akukhoma china chake, ndipo anthu ambiri amataya mphindi yoyamba akudziuza kuti mwina si zimenezo. Mukamva kuphulika kobwerezabwereza pamodzi ndi kukuwa kapena mapazi a anthu othamanga, chitengeni kuti ndi mfuti, ndipo musapite kukasuzumira.

Malangizo amene boma la America limaphunzitsa kudzera ku FBI ndi Department of Homeland Security ali m'mawu atatu akuti Run, Hide, Fight, kutanthauza kuthawa, kubisala ndi kulimbana naye. Ngati njira ili yotseguka ndipo ikukutalikitsani ndi kumene mfuti ikulira, thawani. Siyani chikwama, jekete ndi makiyi a galimoto ngati sali m'thumba. Uzani odwala otha kuyenda ndi alendo kuti akutsateni, koma wokana musakangane naye. Tsikani pa masitepe, osati pa chikepe chimene chingakutsegukireni pamaso pa wowomberayo, ndipo musalize belu la moto, chifukwa limatulutsira anthu m'makonde momwe muli ngozi. Mukatuluka, pitirizani mpaka mutatalikira, chenjezani amene akulowa kuti abwerere, ndipo mukafika pabwino imbani 911, kapena 10111 ngati muli ku South Africa.

Njira ikatsekeka, bisalani mwakhama

Lowani m'chipinda chimene munachisankha kale, khomani loko, ndipo pachitseko chotsegukira mkati kankhiranipo bedi n'kuponda mabuleki a mawilo ake, muwonjezerepo kabati kapena china chilichonse cholemera. Zimitsani magetsi ndi wailesi ya kanema, tsekani makatani, ndipo foni iliyonse, ya inu eni ndi ya ntchito yomwe, ikhale chete osanjenjemera n'komwe. Ngati makina a dripi akulira ndipo kuwatontholetsa sikuika wodwala pangozi, atontholetseni. Khalani pansi pambali pa chitseko, osati moyang'anizana nacho, ndipo ngati mulimo ambiri musaunjikane pangodya imodzi.

Ngati simungathe kulankhula, imbani n'kusiya foni ili yotsegula kuti a mbali inayo azimva. M'madera ambiri a ku America mungathenso kulembera uthenga ku 911, ngakhale kuti si konse. Ku Britain, kumene apolisi amaphunzitsa mawu akuti Run, Hide, Tell (kuthawa, kubisala ndi kudziwitsa apolisi), munthu woimba 999 pa foni ya m'manja amene sangathe kutulutsa mawu amadina 55 akauzidwa kutero, kuti adziwe kuti si foni yoimbidwa mwangozi. Musatsegule chitseko chifukwa wina wagogoda, walira kapena wanena kuti ndi wapolisi, kufikira mutatsimikiza kudzera pa foni kapena pa chilengezo cha chipatala.

Nanga odwala amene sangathe kusuntha?

Apa ndi pamene chipatala chimasiyana ndi sitolo kapena ofesi, ndipo ndi funso limene kanema wa pa kompyuta uja amalidumpha. Kodi namwino amene akuyang'anira wodwala wopuma ndi makina athawe? Nanga dokotala amene mimba ya munthu ili yotsegula patsogolo pake, mzamba amene mutu wa mwana wayamba kuoneka, kapena amene ali ndi makanda obadwa masiku osakwana?

Mu 2018 madokotala a opaleshoni, mwa iwo Kenji Inaba ndi Lenworth Jacobs, analemba mu New England Journal of Medicine kuti m'malo otere mawu atatu aja sakwanira, ndipo anapereka ena akuti Secure, Preserve, Fight. Tanthauzo lake n'loti chigawo chonse, monga cha opaleshoni, cha odwala mwakayakaya, cha otsukidwa magazi kapena cha amayi ochira, chitsekedwe msangamsanga kuchokera mkati kuti wowombera asalowemo; odwala achotsedwe pafupi ndi zitseko ndi mazenera; ogwira ntchito achite zokhazo zosunga moyo, opaleshoni imene sinayambe isayambike, ndipo imene ili mkati ifupikitsidwe kufika poti wodwala angadikire; kulimbana kubwere pomalizira.

Njirayi imagwira pokhapokha ngati zitseko za chigawocho zingathe kukhomedwadi, ndipo aliyense akudziwa kuti chitseko chake n'chiti. Pamsonkhano wa wodi pemphani kuti mugawane: uyu akhoma khomo lalikulu, uyo lakumbuyo, wina asonkhanitsa makanda, wina awerenga odwala ndi alendo. Mugawane motengera udindo wa pa shifiti, osati dzina la munthu, popeza tsikulo mwina mwiniwakeyo adzakhala ali pa tchuthi, ndipo muumirire kuti kuyeserera kuzichitikanso usiku ndi Loweruka pamene ogwira ntchito amakhala ochepa. Musaganize kuti wodi ya amayi ndi yotetezeka chifukwa muli ana: mu Okutobala 2022 ku Methodist Dallas Medical Center, ogwira ntchito awiri anaphedwa m'chigawo cha amayi ndi makanda ndi mwamuna amene anabwera kudzaona mayi amene anali atangochira kumene.

Maganizo anga ndi akuti palibe amene ali ndi ufulu wodzudzula namwino amene anathawa, ngakhalenso amene anatsala. Komabe kuima pambali pa bedi m'wodi imene zitseko zake zili pululu sikuteteza wodwalayo, ndipo namwino amene wapulumuka ndi amene adzabwerere pakapita mphindi zochepa kudzathandiza ovulala. Ngati mwasankha kuchoka, kokani katani, zimitsani magetsi, uzani wodwala amene akumva kuti akhale chete ndipo mubwerera, kenaka tsekani chitseko potuluka. Liganizireni funsoli muli kunyumba mtima uli m'malo, ndipo mukambirane ndi a pabanja panu, chifukwa iwonso likuwakhudza.

Akalowa pamene muli

Kulimbana naye ndi njira yomaliza, yapamene moyo wafika pa lekaleka. Mukatero musachite mokayikira: gwiritsani chozimitsira moto, chitsulo chokolekapo dripi, mpando kapena sizasi, mumuukire nonse nthawi imodzi kuchokera m'mbali mwa chitseko, ena akugwira dzanja limene lili ndi mfuti. Mfutiyo ikagwa musainyamule, ikankhireni kutali n'kuivindikira ndi bini, popeza wapolisi amene akulowa adzayesa kuti amene waigwira ndiye wowombera.

Apolisi akafika

Apolisi oyamba kufika ntchito yawo ndi kuletsa wowomberayo, choncho adzadutsa ovulala osaima, adzakuwa, ndipo angathe kukukankhirani pansi. Ikani pansi chilichonse chimene chili m'manja, foni yomwe, kwezani manja zala zili zotambasula, ndipo musawathamangire kapena kuwagwira. Yunifolomu yanu si umboni kwa iwo, poti ku Bronx wowombera anali m'chovala cha dokotala. Akakufunsani, nenani mwachidule kumene munamuona komaliza, zimene wavala ndi mtundu wa mfuti, yaifupi kapena yaitali. Ngati akulowera kuchipinda cha makina ojambulira m'thupi otchedwa MRI achenjezeni, chifukwa maginito a makinawo sazima ngakhale pamene sakujambula munthu, ndipo amakoka mfuti ndi zitsulo zina mwamphamvu.

Letsani magazi pamene pali pabwino

Munthu amene chipolopolo chadula mtsempha wake waukulu angathe kufa m'mphindi zisanu zokha. Ndondomeko yoletsa magazi ya Stop the Bleed, imene inakhazikitsidwa ku America mu 2015 kuchokera pa zokambirana za madokotala ndi apolisi ku Hartford pambuyo pa kuphedwa kwa ana a sukulu ku Sandy Hook mu 2012, imaphunzitsa zinthu zitatu. Dinani pabala mwamphamvu ndi manja onse awiri. Ngati bala ndi lakuya, makamaka m'khwapa kapena m'mphechepeche, lowetsanimo bandeji mpaka lidzaze ndipo mupitirize kudina. Ngati lili pamkono kapena pamwendo ndipo magazi akutumphuka, mangani lamba wapadera wotchedwa tourniquet masentimita 5 mpaka 7 kumtunda kwa bala, osati pa chigongono kapena pa bondo, mumupotokole mpaka magazi asiye ngakhale wovulalayo akulira ndi ululu, mulembe nthawi, ndipo musamumasule. Kalamba ka labala kamene timamanga potenga magazi sikangagwire ntchito imeneyi. Fufuzani lero kumene bokosi la zipangizozi limakhala m'wodi mwanu, popeza m'mawodi ambiri wamba simukhala lamba wotere m'ngolo ya mabandeji.

Zikatha

Pitani kumalo amene chipatala chinakonza kuti anthu akawerengedwe, ndipo musapite kunyumba musanalembetse dzina, kuopa kuti apolisi angamakufuneni m'zipinda. Musasunthe kapena kupukuta kanthu pamalo a ngozi kupatula pothandiza wovulala. Zithunzi ndi mayina a odwala kapena anzanu musaziike pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp. Malamulo a chinsinsi cha odwala amagwirabe ntchito, ndipo si bwino kuti banja la munthu limve za maliro kudzera pagulu. Tumizani uthenga umodzi kwa mbale amene mumamudalira kumudzi kuti muli bwino ndipo auze enawo, chifukwa nkhani idzawafika msanga kuposa mmene mukuganizira ndipo foni yanu idzafunika pa zina.

Masiku otsatira mungathe kusowa tulo, kudzidzimuka thireyi ikagwa, kapena kudziimba mlandu pa zimene munachita ndi zimene simunachite. Zipatala zambiri za ku America zili ndi aphungu aulere a ogwira ntchito pansi pa ndondomeko yotchedwa Employee Assistance Program, ndipo kupitako sikulembedwa ngati kulephera ntchito. Abusa ndi anzanu a kumpingo ali ndi malo awo, koma ngati patatha mwezi tulo sitikubwerabe, kapena mapazi akulemera mukamayandikira khonde limene zinachitikira, kaonaneni ndi dokotala wa maganizo ndipo mupemphe kuti poyamba akuikeni m'wodi ina.